Lachisanu la Halima

Mtembo unapezeka Lachisanu nthawi ili 14:20, m'kanyumba kosokeramo zovala kuseri kwa msika wa Mandimba. Anaupeza ndi mayi wina amene anabwera kudzatenga zovala za sukulu za mwana wake. Pofika 14:50, Inspetora Josefina anali atagwada pambali pake. Anali atagwira ntchito yofufuza milandu zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo mawondo ake anali atayamba kudandaula.

Womwalirayo anali Yesaya, mwini kanyumbako, Mkhristu wa ku Ngauma. Anthu ankangomutcha Mestire, kutanthauza mmisiri. Anali ndi bala limodzi kunkhongo, ndipo simbi ya makala inali pansi pa tebulo ili ndi magazi.

"Ndewu iyi, shefi," anatero Filipe, wapolisi amene ankayenda naye, kwa bwana wakeyo.

"Ndewu, inde. Koma taonani mmene wagonera."

Yesaya anagona chammbali cha kumanja, nkhope italoza kumpoto. Maso anali otsekedwa bwino. Chibwano chinamangidwa ndi kansalu kozungulira mutu, ndipo zala zazikulu za kumapazi zinamangidwanso pamodzi. Josefina anakhudza mfundoyo ndi cholembera. Inali mfundo yoti ukangokoka kamodzi yamasuka.

"Munthu akapha mnzake amathawa," anatero. "Uyu anayamba wagwada n'kumukonza."

Kansaluko kanang'ambidwa ku kapulana, chitenje chobiriwira chimene chinali pamakina. Pakapulanapo panali kapepala kobayidwa ndi singano, kolembedwa dzina la mwini wake: Sumaiya.

Anthu a pamsika amaona chilichonse kupatula chimene wawafunsa. Pakati pa 12:30 ndi 13:30 theka la msika linali kumzikiti, theka linalo likuodzera pamithunzi. Koma onse anagwirizana pa dzina limodzi. Esinati, mkazi wa Mestire, anali wansanje yosabisa. Mwezi wathawo anathamangitsa kasitomala wina ndi lumo mpaka pamalo okwerera shapa, maminibasi a kumeneko, ndipo Lachitatu anachoka pakhomo atalalata.

Loweruka nthawi ili 10:15 anamupeza ku Cuamba, kwa mng'ono wake. Uthenga wa maliro unali utamufika, ndipo maso anali otupa.

"Nsanje ndinali nayo, sindikana," anatero Esinati. "Inu mungakondwe mwamuna wanu akamakulunga tepi m'ziuno za akazi a eni kuyambira m'mawa mpaka madzulo?"

"Dzulo masana munali kuti?"

"Kuchipatala. Mng'ono wangayu amachira. Ndinalowa naye Lachinayi, tatuluka lero."

Anamwino awiri a pachipatalapo, atawayimbira, anavomereza. Josefina anamuonetsa chithunzi cha mtembo pafoni, ndipo Esinati anayang'ana nthawi yaitali.

"Anamumanga chonchi ndani? Kwathu sitigoneka munthu chammbali."

Lamulungu m'mawa Josefina anapita ndi chithunzi chomwecho kwa Shehe Yusufu, mkulu wa mzikiti wina wa ku Mandimba. Shehe anavala magalasi, kenako anawavula.

"Umu ndi mmene timagonekera Msilamu akangotsirizika, nkhope ku kibula, mbali imene timaloza popemphera. Mfundo iyi ndi ya nsalu ya maliro. Timaimanga chonchi kuti imasuke msanga m'manda."

"Aliyense angaimange?"

"Aliyense angayese. Koma iyi yamangidwa ndi dzanja lozolowera."

Osambitsa maliro a amuna m'deralo anali atatu. Awiri anaswali, kupemphera kutsogolo mumzikiti, Lachisanu lija, Shehe akuwaona. Wachitatu anali Hamisse, wogula nandolo ndi fodya.

"Iyeyo Lachisanu saswali kuno," anatero Shehe. "Ali ndi nyumba ziwiri. Kuyambira Lachisanu m'mawa mpaka Lamulungu ndi masiku a mayi aakulu, a Halima, cha ku Massangulo. Enawo ndi a wamng'ono wa kuno, Sumaiya. Amagawa molungama, sitinamvepo dandaulo."

Apolisi anamugwira Hamisse Lolemba nthawi ili 08:40, akutsika panjinga yake yamoto. Anali bambo wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, wa ndevu zometedwa bwino, wolankhula mofatsa ngati ali pamaliro.

"Lachisanu munali kuti, bambo?"

"Kwa mkazi wanga wamkulu. Ndinanyamuka kuno dzuwa likutuluka."

"Munaswali mzikiti uti?"

"Ndinaswalira pakhomo. M'mimba munali mukundipotokola."

"Yesaya mumamudziwa?"

"Msika wonse umamudziwa."

"Kapulana ya akazi anu aang'ono inali pamakina ake."

"Ya akazi a ena inalinso pomwepo, mayi. Funsani Halima. Akuuzani nthawi imene ndinafika."

Masana omwewo Josefina ndi Filipe anayenda ulendo wa ku Massangulo, m'boma la Ngauma. Filipe ankayendetsa galimoto uku akung'ung'udza, pakuti ankadziwa chimene shefi wake akukachita. Lamulo limati mkazi kapena mwamuna wa woganiziridwa auzidwe kaye kuti ali ndi ufulu wokana kupereka umboni.

"Lamulo limeneli linalembedwa ndi munthu amene anali ndi chobisa kunyumba," anatero Filipe. "Timangowapatsa khomo lothawira."

"Inu mukatseka mlandu mumapita kwanu," anayankha Josefina. "Mkazi akachoka ku tiribunali, kubwalo la milandu kuja, amabwerera kwa apongozi ake, kwa ana a munthu amene wam'mangitsa. Mukufuna boma lizilowa mpaka kuchipinda?"

"Nanga womwalirayo alibe mkazi?"

Funsolo linali loona, ndipo Josefina ankadziwa.

Anamupeza Halima akusankha fodya m'chigafa. Anali mayi wojintcha, wa nkhope yosaonetsa za mumtima. Anawayalira mphasa, nakhala chapatali.

"Mayi, ndisanafunse kanthu ndikuuzeni izi," anayamba Josefina. "Amuna anu akuganiziridwa mlandu wakupha. Inu monga akazi awo simukukakamizidwa kulankhula. Mukakana, palibe angakumangeni. Koma mukasankha kulankhula, muyenera kunena zoona, chifukwa bodza ndi mlandu."

Halima anapukuta manja pakapulana yake.

"Ndiye kuti ndikhoza kungokhala chete?"

"Mukhoza."

"Ndakhala nawo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ana asanu, awiri tinaika limodzi. Ndakhala chete."

Pobwerera Filipe anamenya chiwongolero ndi chikhatho. Anali ndi chifukwa. Mkazi amene mwamuna wake anafikadi m'mawa akanangonena kuti anafika m'mawa. Koma kukhala chete si umboni, ndipo mfundo ya nsalu siyingamange munthu payokha. Nthawi yosunga Hamisse popanda umboni wogwirika inkatha Lachitatu m'mawa.

Lachiwiri nthawi ili 11:30, akazi onse awiri anafika kupolisi ya Mandimba, aliyense ndi kambale ka chakudya cha mwamuna. Sumaiya anali wa zaka makumi awiri ndi zitatu, atapaka wanja, utoto wakuda uja, m'maso ngakhale ankalira. Halima anakwera shapa kuchokera ku Massangulo, kambale kali pamiyendo. Anakhala pabenchi limodzi pakhonde, pakati pawo patatsala malo okwana anthu atatu. Sanapatsane moni.

Josefina anaitana Sumaiya m'chipinda chofunsiramo. Chitseko sanatseke. Pambuyo pake ankati kunali kutentha, ndipo kunalidi kutentha, koma Filipe sanakhulupirire mpaka lero.

Anamuuza za ufulu womwe uja. Sumaiya anapukusa mutu.

"Ine ndilibe chobisa. Bambo ananyamuka m'mawa, ndinawaperekeza mpaka pamsewu."

"Inu masana munapita kuti?"

"Kwa Mestire, cha m'ma 12. Ndinasiya kapulana kuti andisokere bulauzi."

"Bwanji Lachisanu?"

Sumaiya anayang'ana pansi. "Bambo anandiletsa kupitako. Amati Mestire amachedwa dala poyesa. Ndiye ndinadikira masiku a mayi aakulu."

"Amakuchitirani nsanje?"

"Koopsa. Amandiwerengera ndi mapazi omwe. Nthawi zina amati anyamuka, kenako ndimaona njinga yawo itabisidwa kuseri kwa chigayo. Amakhala pamenepo mpaka masana, kuona ngati ndituluke." Anamwetulira pang'ono, kumwetulira kwa mkazi wodziwa kuti amakondedwa. "Ine ndimangokhala ngati sindinaone."

"Lachisanu lija munaiona njingayo?"

"Sindinayang'ane."

Pakhonde kambale kanagwa, chivundikiro chikugubuduka mpaka pamsewu. Halima anaima pakhomo.

"Mayi a polisi, ufulu munanena uja, munthu angaubweze?"

"Angaubweze. Koma ganizani bwino, mayi. Mukalankhula pano mudzalankhulanso ku tiribunali, iwo ali pomwepo."

"Aitaneni tsopano. Sindinena za munthu kumbali."

Anabwera naye Hamisse nthawi ili 12:10. Ataona akazi ake awiri m'chipinda chimodzi, anaima kaye pakhomo asanakhale.

"Halima, lamulo likukulola kukhala chete," anatero mofatsa.

"Ndikudziwa, bambo. Andiuza kawiri." Halima anatembenukira kwa Josefina. "Lembani. Lachisanu ndinapha nkhuku m'mawa. Ndinaphika mpunga, ndinasamba, ndinadikira. Anafika dzuwa litapendeka, cha m'ma 16. Mkanjo wawo unali ndi magazi kudzanja lamanja ndi m'mawondo. Anati agunda mbuzi panjira. Kenako anati aliyense akafunsa ndinene kuti anafika m'mawa."

"Mkanjowo uli kuti?"

"Anati ndiuotche. Sindinauotche, ndinawagulira ndine ku Lichinga. Uli m'chigafa, pansi pa fodya."

Filipe anatuluka kukayimba foni ku Ngauma. Sumaiya anali atagwira pakamwa.

"Ndinadziwa kuti si mbuzi," anapitiriza Halima, tsopano akuyang'ana mwamuna wake. "Ndinkati mwina mwakangana ndi anzanu a malonda kumalire. Ndinati zikhale momwemo, ndifa nazo. Ndiye ndikumva pano kuti Malachisanu onse amene munkafika mochedwa, mukuti tayala laphulika, mukuti mlatho wadzaza, munali kuseri kwa chigayo kulondera mwana uyu."

"Halima."

"Chaka chija wogula fodya wa ku Malawi ankandinyengerera poyera, ndinakuuzani. Munaseka. Munati amene akufuna anditenge, mupumeko. Ine ndinasekanso, ndinkayesa ndi nthabwala."

Hamisse anayang'ana manja ake. Atayamba kulankhula, mawu anali otsika moti Josefina anasendeza mpando.

"Ndinamuona akulowa kwa Mestire. Ndinayandikira, ndinasuzumira pazenera. Tepi inali m'chiuno mwake, ndipo iye ankaseka. Kuseka kumene kuja kwa ine sanasekepo. Atatuluka ndinalowa. Ndinangofuna kumuchenjeza."

"Anati chiyani?"

"Anati, bambo, mukafuna kuti asayesedwe ndi mwamuna, phunzirani kusoka. Anatembenuka kuti apitirize ntchito. Simbi inali pafupi."

"Kangati?"

"Kamodzi."

"Nanga kumumanga chibwano?"

"Maso anali otsegula, pakamwa pali yasa. Ndasambitsa anthu zaka makumi atatu, mayi. Sindinasiyepo munthu chonchija. Manja anayamba okha, ndinazindikira nditamaliza kuti ndamugoneka ngati wathu."

"Panali chilichonse pakati pa Yesaya ndi akazi anu?"

"Sindikudziwa," anatero Hamisse. "Sindinafunse."

"Anandiyesa chiuno basi," analira Sumaiya. "Ndinkaseka chifukwa anati ndanenepa."

Nthawi ili 13:05 Hamisse anasayina. Halima sankadziwa kulemba, choncho anadinda chala. Josefina anamuwerengera mawu ake onse pang'onopang'ono, kuti ngati pali pofuna kubweza abweze. Sanabweze ngakhale limodzi. Josefina anali atapeza chimene ankafuna, koma mumtima sanakondwe. Ankadziwa kuti umboniwo sunabwere chifukwa cha Yesaya, ndipo ankadziwanso amene anasiya chitseko chosatseka.

Akumutulutsa, Hamisse anaima patsogolo pa mkazi wake wamkulu. Misozi inali itafika m'ndevu.

"Zaka zonsezi, Halima. Ana athu uwauza chiyani?"

Halima anapukuta inki ya pachala chake pakapulana, osafulumira.

"Mukanamupha Lachiwiri, bambo, pa tsiku la mnzangayu, ndikanakhala chete mpaka kumanda. Koma Lachisanu linali langa."