Wilbroad Apatuka M'njira

Rhoda Chibuye anatsika basi pa Petauke ali ndi chikwama chimodzi, matiresi okulunga ndi nkhope ya munthu amene boma lamutaya. Kwawo kunali ku Kabwe. Anamutumiza kuno kudzaphunzitsa, ndipo m'tauni yonseyi sankadziwamo ngakhale galu.

Misozi itangoyamba kulengeza, mawu anamveka kumbuyo kwake.

"Madamu, musalile pano. Mkazi wokongola akalila pa siteshoni, mvula siigwa chaka chonse. Mufuna kutipha na njala?"

Rhoda anaseka asakufuna. Wolankhulayo anali mwamuna wamtali, wovala chipewa cha mlaza, mano oyera mbee. Anati dzina lake ndi Wilbroad Daka. Anali ndi kaminibasi kake, ndipo Loweruka lililonse ankatenga aphunzitsi, anamwino ndi ena ochokera kutali n'kukawaonetsa dziko: mishoni yakale, mudzi wa kumalire kumene nkhondo ya ku Mozambique inasefukira zaka za m'mbuyomo, ndi phiri lalitali la cha ku Nyimba.

Tsiku limenelo anamunyamulira matiresi. Sabata isanathe anali atamunyamulanso mtima.

Pakamwa pa Wilbroad panali pa uchi, zimenezo tisanamizane. M'mawa uliwonse foni ya Rhoda inkalira asanasukusule n'komwe.

"Kanthochi kanga ka ku Nyimba, wauka bwanji? Ine sininagone. Maso yakana kutseka cifukwa siyanakuone mailo."

Masana winanso uthenga: "Thonje ikangogulidwa caka cino, nipita ku Kabwe kukagwada kwa amalume ako. Nalumbila pali Mulungu."

Ndani akanalimba? Rhoda ankawerenga mauthengawo m'kalasi, pansi pa tebulo, ana akulemba masamu.

Chaka chitatha kunabwera mwayi umene aphunzitsi ambiri amaupempherera mpaka mawondo kuchita zikang'a. Mphunzitsi wina wa ku Kabwe, amene kwawo kunali ku Petauke, anafuna kuti asinthane malo. Rhoda akanabwerera kwawo, pafupi ndi mayi ake amene ankakhala okha. Mnzakeyo anati adikira yankho mpaka Lolemba, kupitirira apo afuna wina.

"Ukane, wapamtima," anatero Wilbroad atamugwira manja onse awiri. "Ukapita, ine unikwilile pomwe pano."

"Nizakana," anayankha Rhoda. "Koma nione kwanu poyamba. Caka cathunthu, Wilbroad! Sinidziwa amai ako, sinidziwa mlongo wako."

"Kwathu ku Sasare ni kutali, mseu waonongeka. Leza mtima, kanthochi."

"Nanga ulendo wako wa pa Ciwelu? Onse wawatenga. Ine cabe ndiye ayi."

"Dzuwa ya kumalile siifuna khungu monga yako."

Rhoda sanatsutse. Koma mwana wa ku Kabwe uyu akati atseke pakamwa, dziwani kuti mutu ukugwira ntchito. Aphunzitsi anzake anali atapangana kale ndi Wilbroad za ulendo wa Loweruka lomwelo. Rhoda anangouza a Ngosa, mphunzitsi wamkulu wa mbiri yakale amene ankatsogolera gululo, kuti nayenso apita nawo.

Loweruka m'mawa Wilbroad atamuona atavala nsapato zokwerera phiri, kumwetulira kwake kunachedwa pang'ono kufika.

"Madamu Chibuye! Nanga simunanene?"

"Nanena manje, a Daka," anatero Rhoda, n'kukwera.

Mumtima anali atapangana ndi mutu wake: lero ndiona mmene munthuyu amakhalira pakati pa anthu ake. Ndikakhutira, pamwamba pa phiri pomwepo ndiuza wa ku Kabwe uja kuti afune wina.

Ndipo poyamba anakhutiradi. Pa mishoni yakale Wilbroad anawaonetsa belu, manda a ansembe oyamba ndi njerwa zimene anthu anaumba ndi manja. Ankalankhula ngati wailesi. Aliyense wokumana naye ankamugwira chanza, agogo ankawaseketsa, ana ankawatchula maina. Rhoda ankamuyang'ana n'kumadziuza kuti, mwamuna wanga ndi ameneyu basi!

Atadutsa minda ya thonje ya cha ku Ndake n'kulowera kumwera, Wilbroad anayamba kutsokomola.

"Makolo anga, niona monga nthawi yatha. Tipite cabe ku phili. Ku chalichi ya kumalile kulibe zambili."

"Awe, a Daka," anakana a Ngosa. "Ine nabwelela yamene ija chalichi ili na zipolopolo. Ana a sukulu nizawauza cani?"

"Na ine nifuna kuiona," anawonjezera Rhoda.

Wilbroad anakhota chiwongolero mosafuna.

Tchalitchicho chinali chaching'ono, cha njerwa zofiira, kunja kwa mudzi pafupi ndi kamtsinje. Kukhoma la kum'mawa kunali timabowo tolowa chala. Wilbroad anafotokoza mothamanga kuti zigawenga zinkadumpha malire kudzalanda ng'ombe ndi chimanga, ndipo anthu ankathawira kuphiri. Anati kiyi amasunga a Gideon, akatekisiti, koma poti sakuoneka, bwanji azipita?

Mawuwo asanathe, panjira yochokera kumtsinje panatulukira mayi wina wa zaka makumi asanu ndi mphambu, wojintcha, akukankha njinga yomangirira thumba la thonje. Kiyi anali lende pakhosi pake.

Zimene Rhoda anaona sadzaziiwala.

Wilbroad, amene kuyambira m'mawa sanadutse munthu osamugwira chanza, anapatuka m'njira ngati waponda moto. Analowa m'maudzu, anavula chipewa, ananjuta atapotolokera kumbali, n'kuyamba kuomba m'manja mwakachetechete maso ali pansi. Nayenso mayiyo anaima patali, anatembenuzira nkhope kwina, n'kuweramira pa njinga yake.

"Muli tyani, atata?" anafunsa mayiyo akuyang'ana mtengo.

"Nili bwino, amama," anayankha Wilbroad akuyang'ana nyerere. Mawu a wailesi aja anali atasanduka a mwana wodwala.

Mtima wa Rhoda unagunda kamodzi, mwamphamvu. Sanafunike womasulira. Ngakhale kwawo ku Kabwe, mwamuna wamkulu sathawira m'maudzu chifukwa cha mayi wamba. Munthu amene umamupatukira chotero, osamuyang'ana kumaso, osamugwira dzanja, ndi mmodzi yekha padziko: mpongozi.

Pakamwa pangathe kunama chaka chathunthu, koma mawondo analeredwa ndi mwambo, ndipo sanafunse mwini wake.

"Ulemu wotele wasowa masiku ano," ananong'oneza a Ngosa mokondwa, osadziwa kuti akuthira tsabola pachilonda. "Mkamwini weniweni uyu."

Mayiyo anati dzina lake ndi Olipa. A Gideon anali atapita kumaliro, ndiye anamusiyira kiyi. Anatsekula tchalitchi, alendo analowa, Wilbroad anatsala panja.

Amai Olipa sanali wokometsera nkhani. Anaima pafupi ndi guwa, manja m'chiuno.

"Ninali msungwana," anatero. "Tinali pa kwaya pamene mfuti zinayamba. Tinagona pansi pa mabenchi aya. Mwamene kunakhalila zii, amama ananikoka dzanja, tinathamangila ku lupili. Mlongosi wanga anabwelela kuti akatsegulile ng'ombe. Mpaka lelo tikali kumuyembekeza."

Rhoda anamva misozi ikutsika, ndipo sanadziwe ngati akulirira mnyamata wa ng'ombe uja kapena akudzilirira yekha. Anapukuta nkhope, nafunsa.

"Amai, a Daka aja muwadziwa bwanji?"

"A Daka? Ni akamwini anga! Anakwatila mwana wanga Charity. Nyumba yao ili kuseli kwa yanga. Nchito ya motoka ndiye iwasunga ku boma."

"Zikomo, amai," anatero Rhoda.

Akanatha kukuwa pomwepo. Akanatha kukhala m'minibasi n'kumalira mpaka madzulo. Koma anali atanena kuti akwera phiri, ndipo anakwera. Anatsogola ndi iye, minga ikumukala, thukuta lili kamukamu, a Ngosa akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo kumbuyo kwake. Njira imeneyi anthu anaithamangapo mfuti zikulira, iye angalephere chifukwa cha mwamuna?

Pamwamba dziko linatambasuka lonse. Minda ya thonje inkaoneka mbuu, msewu waukulu unkang'anima patali, ndipo kumwera mapiri a ku Mozambique anali ndandanda mu utsi wa lupsa. Anzake anayamba kujambulana. Rhoda anakhala pa mwala payekha, ndipo Wilbroad anamupeza pomwepo.

"Kanthochi kanga..."

"Dzina langa ndine Rhoda."

"Rhoda, mvela. Ija cikwati inafa kale. Ananikakamiza nikali mwana. Nikhala cabe cifukwa ca ulemu. Mtima wanga uli kwa iwe, Mulungu aniona!"

"Kwanu ni ku Sasare?"

"Ndiye kwamene ninabadwila."

"Koma kwamene ugona ni kuseli kwa nyumba ya amai Olipa."

Wilbroad anagwada pa mwalapo, misozi ili m'maso. Ndipo tinene zoona, analira mokongola. Rhoda anamva mtima wake ukufewa ngati mbatata ya pamoto, pakuti chikondi sichitha tsiku limene wachigwira bodza. Ankamukondabe, ndipo chimenecho ndicho chinkamupweteka koposa.

"Nipatse mwezi umodzi cabe," anapempha Wilbroad. "Nizamusiya. Usayankhe vako va ku Kabwe."

"Mwezi ni utali," anatero Rhoda. "Tikatsika tipeza amai Olipa pa chalichi. Uime pamaso pao, uwayang'ane, uwauze vamene waniuza ine. Ukacita, nikhala. Nizakana Kabwe lelo lomwe, pamaso pako."

"Rhoda, udziwa mwambo. Siningayang'ane apongozi kumaso."

"Ndiye uwauze uyang'ana pansi. Makutu ao amvela."

Wilbroad anayang'ana chipewa chake. Fisi akagwa m'mbuna salankhula.

"Nizayesa," anatero potsiriza.

Foni imene anali ataitulutsa kuti ayankhe wa ku Kabwe uja, Rhoda anaibweza m'thumba osalemba kanthu. Kodi sanali wopusa kumupatsanso mpata? Mwina. Koma ankafuna kuti tsiku lina asadzadzifunse kuti, bwanji ndikanadikira?

Anatsika dzuwa litapendeka. Pa tchalitchi amai Olipa analipodi, koma sanali okha. Pambali pawo panaima mtsikana wa nkhope yofatsa, wodwala pakati, mimba yafika pakhosi. M'manja anali ndi beseni ndi kachikwama, ndipo kamwana kakamuna kanali katakakamira chitenje chake. Kamwanako kataona Wilbroad kanathamanga.

"Atata! Atata!"

Rhoda anaima. Anamuyang'ana Wilbroad, ndipo Wilbroad anadziwa kuti nthawi yake ndi imeneyi.

Anayenda mapazi angapo kulunjika kwa amai Olipa. Anakonza kukhosi. Kenaka miyendo inamutengera m'maudzu, chipewa chinatsika, ndipo ananjuta monga poyamba, mwana atamukolekera m'khosi.

"Atata," anatero amai Olipa akuyang'ana kumbali, "masiku ya mnzanu yafika. Lomba poti motoka yabwela, mupite naye ku Nyimba akayembekezele ku cipatala."

"Inde, amama," anayankha Wilbroad. "Nizacita tetyo."

Basi. Mawu ake onse anali amenewo.

Rhoda anatulutsa foni. Analembera mphunzitsi wa ku Kabwe uja kuti, "Navomela. Tisinthane." Anadikira mpaka uthengawo utapita, kenaka anapita kwa mtsikana uja, Charity, n'kumulandira beseni.

"Bwelani, amai, nikuthandizeni kukwela. Ponda apa. Pang'onopang'ono."

Anamukhazika bwino, namuikira juzi yake kumsana kuti mabampu asamupweteke, iye n'kukhala pambali pake. Wilbroad analiza galimoto. Ulendo uno wailesi ija inali itazima, ndipo a Ngosa anadabwa kuti mwina a Daka atopa.

Charity anamwetulira mwamanyazi.

"Muli na mtima wabwino, Madamu. Ine sininayendepo ulendo uyu, nimvela cabe kuti anthu aukonda. Nanga amuna anga akuyendetsani bwino?"

Rhoda anaona maso a Wilbroad pa kagalasi ka kutsogolo, akumupempha, akumuchonderera. Anayang'ananso mimba ija, ndi mapazi otupa a mtsikanayo, ndi msewu wautali wamabampu umene unali patsogolo pawo. Choonadi chinkafuna kutuluka, koma anachimeza.

"Atiyendetsa bwino, amai," anatero. "Ine niliko cabe na ulendo wina, nibwelela kwathu. Imwe gwililani apa, mseu waipa."

Charity anagwira dzanja la Rhoda, ndipo sanalisiye mpaka ku Nyimba. Rhoda anatembenukira pawindo kuti Charity asaone nkhope yake, ndipo analira mwakachetechete njira yonse, dzanja lake lili m'manja mwa mkazi wa Wilbroad.