Magazi a Halidi

Anakumana pa renki ya mateksi ku Tlhabane, ku Joni. Elsie anali atakumbatira kabokosi kozizira ngati khanda.

"Mlongo, muli nyama mmenemo?" anafunsa mnyamata wina m'Chichewa cha ku Mangochi.

"Muli magazi."

Mnyamatayo, Halidi, anadumpha cham'mbuyo, kenako n'kuseka mpaka misozi. Elsie anamufotokozera kuti sayansi ya bayokemisitiri anaiyambira ku Zomba, ndipo tsopano akuchita digiri ya udokotala pa yunivesite ina ku Joni konko. Ankafufuza mmene fumbi la pulatinamu limasinthira mapuloteni m'magazi a anthu a mumgodi, kuti matenda a chifuwa azigwidwa munthu asanayambe kubanika.

Pasanapite nthawi foni ya Elsie inasiya kupuma.

"Dokotala wanga, undiyeze mtima, upezamo iwe wekha."

"Shuga wanga, ngakhale kutagwa moto, ndidzaima pambali pako."

Elsie, amene sankakhulupirira chilichonse asanachiyeze mobwerezabwereza, izi anangomeza osatafuna. Chikondi chilibe labu!

Halidi yemweyo ndiye anamutengera ku Seraleng, kwa anzake a mumgodi, napereka mkono wake poyamba kuti enawo asaope. Zinthu zinkayenda, mpaka mmodzi wa iwo, Patrick, atamwalira ndi chifuwa. Manong'onong'o anayamba: Mtsikana uja magazi amapita nawo kuti?

Loweruka lina masana, atangomutenganso magazi Halidi, Elsie anatuluka m'kachipinda komwe ankagwirira ntchito n'kupeza chikhamu chamudikirira.

"Namapopa uyo! Watithera anthu!"

Mwala unamenya lata pafupi ndi khutu lake. Kwawo Elsie anamvapo zimene zimachitikira munthu wopatsidwa dzina limeneli. Kodi afera pano, mayi ake osadziwa?

"Halidi! Auze, chonde! Auze zimene ndimachita!"

Halidi anaima pakhomo. Koma m'chikhamumo munatuluka mayi wobereka mwana, fumbi la ulendo lidakali m'mapazi.

"Bambo a Asha," anatero mayiyo, "ndangotsika basi, ndikumva zoti mumayenda ndi namapopa. Mkazi uyu mukumudziwa?"

Bambo a Asha? Kodi Halidi ali ndi mkazi ndi mwana?

Halidi anapinda mkono kubisa kathonje kamene Elsie anamuika yekha ndi manja ake.

"Sindikumudziwa. Ndangobwera ngati ena onse."

Mwala wachiwiri unamupeza Elsie paphewa. Amene anamukoka dzanja sanali wa malonjezo uja ayi, anali Esnart, mkazi wa malemu Patrick.

"Mwapenga kodi?" anakuwa Esnart. "Uyu ndi amene anatiuza kuti tithamange kuchipatala, ife n'kuchedwa tokha! Woponyanso mwala ayambe ine!"

Anamukankhira m'teksi, dalaivala n'kuponda moto. Elsie anakumbatira kabokosi kake pamiyendo.

Akuyandikira Tlhabane, foni inalira.

"Shuga wanga, wafika bwino? Pepa, zinandipanikiza. Nanga zotsatira zanga zituluka liti? Chifuwa chikundiopsa."

Elsie anatsegula kabokosi. Kabotolo ka magazi a Halidi kanali pamwamba penipeni, kadakali kofunda. Anakayang'ana nthawi yaitali, misozi ikugwera pachivundikiro, kenako analemba:

"Magazi anu ndiyeza monga ena onse, bambo a Asha. Zotsatira mukazitenge kuchipatala. Inuyo sindikukudziwani."