Foni ya m'Kamisolo mwa Apongozi

Pachipata cha msika wa Lunzu, m'chaka cha 2068, panali makina otchedwa Kanunkhiza, oyeza cheza chotuluka m'mafoni. Mafoni a nthawi imeneyo sankatchajidwa, ankadzikokera okha mphamvu mumlengalenga. Koma batire ikang'aluka, inkatulutsa cheza chosaoneka chodya mnofu pang'onopang'ono. Ukadutsa ndi foni yabwino, Kanunkhiza ankayatsa getsi lobiriwira. Likayaka lofiira, woyang'anira ankakulanda foniyo pomwepo.

Woyang'anirayo anali Lingisoni Kachigamba, munthu wosanyengerera. Analandapo ya abusa, ya wapolisi, ngakhale ya mchimwene wake weniweni.

Ndiye Lachinayi lina kunatulukira a Nagama, apongozi a Lingisoni, atasenza dengu la tomato. Psuu, getsi lofiira! Pagalasi la makinawo panaoneka pamene panali foniyo: m'kamisolo, pachifuwa penipeni.

Kalanga ine, Lingisoni! Mkamwini wopatuka njira akaona apongozi patali, lero aloze chala pachifuwa pawo msika wonse ukuona?

"Mwaswera bwanji, bambo?" anatero a Nagama, maso ali kumbali. "Makina anuwa akuti chiyani?"

"Akungokulonjerani, mayi. Pitani bwino."

Anadina batani, getsi n'kuzima. Kunyumba anauza mkazi wake Esinati, koma mozungulira ngati akuopa kupsa lilime: "Foni ya mayi ija yakalambatu."

Esinati anaseka. "Ija anawasiyira malemu bambo. Kawalandeni nokha, tione!"

Nkhani inathera pomwepo. Lachinayi lililonse getsi linkafiira, Lingisoni n'kudina batani. Chimene anaiwala n'chakuti Kanunkhiza anapangidwa kuti aziphunzira kwa womuyang'anira. Atakanidwa kasanu ndi kawiri, makinawo anaganiza kuti olakwa ndi iwo, ndipo anayamba kuwayatsira a Nagama getsi lobiriwira. Lingisoni mtima unakhala pansi. Anadzinamiza kuti foniyo yakonzedwa, pamene ankadziwa bwino kuti batire yong'aluka sidzisoka yokha.

Patapita chaka, a Nagama anagonekedwa m'chipatala, chotupa chitamera pamene pankakhala foniyo. Lingisoni anaima pakhomo la chipindacho, monga mkamwini amachitira.

"Mayi, tachedwa nacho," anatero dokotala motsitsa mawu. "Foniyi simunaiyezetsepo?"

"Sabata iliyonse, adokotala. Amayeza ndi mkamwini wanga." A Nagama anamwetulira monyadira. "Ikanakhala ndi vuto akanandiuza. Ndi mwana waulemu amene uja."

Esinati anatembenuka n'kuyang'ana mwamuna wake. Anali atakumbukira mawu aja akuti yakalambatu.

Lingisoni analakalaka pansi patang'ambika. Manyazi amene anawathawa pachipata akanatha tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Awa tsopano anali oti adzafa nawo.

A Nagama anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Kanunkhiza anabwezeredwa nzeru zake zakale m'mphindi zitatu zokha, koma batani lobwezera apongozi silinapangidwebe.