Dzina la Velentina Pansi pa Nambala

Velentina anali pakati pophwanya mwala pamene kachipangizo ka pachifuwa pake kanalira. Ankakatcha kamvampweya. Mayi aliyense pa mgodi wa Kamwala ankavala kake. Kankayeza fumbi lolowa m'mapapo n'kutumiza manambala ku yunivesite.

Kwa zaka zambiri manambalawo ankatuluka m'mabuku a ofufuza popanda dzina la mayi ngakhale mmodzi. Izi zinkamuwawa Velentina. Tsiku limene Dokotala Msukwa, mkulu wa kafukufukuyo, anafika pamgodipo, Velentina anawaimitsa padzuwa. Anawauza kuti otsokomola ndi amayi, koma otchuka ndi ophunzira.

"Chifuwa n'changa, adokotala. Dzina lanu likutani pamenepo?"

A Msukwa anati tsopano kwabwera makina otchedwa Mlondola. Buku lisanatuluke, Mlondola amatsata nambala iliyonse mpaka kwa mwini wake n'kumutchula. Koma a Msukwawo anamulangiza Velentina kuti ndi bwino kungotchula gulu lonse la amayiwo.

"Ndiye mukufuna mutibisenso," anatero Velentina. "Yatsani makina anuwo."

Mlondola atamufunsa kuti ndi ndani, Velentina anapukuta manja n'kudzitchula monga amachitira pamsonkhano: dzina, mfunda wake wa Nasimango, mudzi, mfumu yake, ndiponso kumene amagwira ntchito. Kwawo munthu sadzitchula theka. Anzake anaimba nthungululu.

Buku linatuluka. Pafoni anapeza dzina lake pansi pa nambala yaikulu kuposa zonse, ndipo analiwerenga yekha, chilembo ndi chilembo.

Koma masiku amenewo mabuku sankawerengedwa ndi anthu okha. Kompyuta ya eni mgodi inaliwerenganso. M'mawa mwake chipata cha pamgodi chinakana kumutsegukira. Mawu ochokera m'chipatacho anati mapapo ake aonongeka, ndipo kampani sikufuna munthu wodzafera pantchito. Anayenda wapansi kupita ku mgodi wina. Chipata cha kumeneko chinali chitamudziwa kale.

Anaimbira a Msukwa kuti amufufute m'bukumo, ana ake akugona ndi njala. Iwo anati n'zosatheka, chifukwa mabuku ena ambiri atchula kale bukulo ndipo Mlondola safufuta.

"Nanga fumbilo mwalichotsa?"

A Msukwa anangoti akulemba buku lachiwiri.

Lero Velentina amatola nkhuni n'kumatsokomola m'njira. Dzina lake limatchulidwa m'mayiko amene sadzapondako, pomwe kwawo palibe amene amaliitana pantchito.