Sabina ndi Chimanga Cholimba

Sabina anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti mng'ono wake Maliya adye.

Maliya anali ndi zaka zitatu. Amayi awo anamwalira mvula itangoyamba. Kuyambira pamenepo Maliya ankawonda. Manja anawonda. Miyendo inawonda.

Atate awo, a Fabiano, ankayendera njanji. Ankayenda wapansi tsiku lonse. Ankaona ngati madzi akokolola njanji. Nyumba yawo inali payokha, pakati pa Golomoti ndi Mtakataka. Abale onse anali kutali.

Ufa umene amayi anasiya unatha. Chimanga chinatsala dengu limodzi.

Sabina anatenga musi kuti asinje. Musi unali wautali kuposa iye. Anaukweza kamodzi. Anaukweza kawiri. Kachitatu unamugwera paphazi.

"Usiye musiwo," anatero atate. "Uphike chimangacho ndi khobwe. Tidya chingowe."

Sabina anaphika chingowe mumphika wa amayi. Koma nkhuni zinali zonyowa. Moto unkafuka utsi. Moto unkazima msanga.

Maliya anatafuna. Anatafunanso. Kenaka analavula.

"N'cholimba, aBina," anatero Maliya. "Ndi miyala."

Tsiku loyamba Maliya analira. Tsiku lachiwiri analiranso. Tsiku lachitatu sanalire. Anangogona pamphasa, maso ali pakhomo.

Atate anagwira dzanja la Maliya. Linali lopepuka ngati phesi. Anatenga nyundo yawo n'kupita kunjanji.

Sabina anaikanso mphika pamoto. Anaona nthunzi ikutuluka. Inkatuluka uku. Inkatuluka uko.

"Kutentha kwanga kukuthawa," anatero Sabina. "Ndikutsekera."

Anavundikira mphika ndi mbale. Anamata dothi la pachulu m'mbali monse. Sanasiye kabowo ngakhale kamodzi. Pamwamba anaikapo mwala waukulu.

Mphika unakhala chete. Sabina anapita panja kukatola tinkhuni.

Phuu!

Sabina anathamangira m'nyumba. Mphika unali utang'aluka pakati. Moto unali utazima. Chimanga chinali m'phulusa.

Mphikawo anaumba ndi amayi. M'mphepete mwake munali zidindo za zala zawo. Sabina anakhala pansi. Anagwira phale limodzi.

Dzuwa litapendeka atate anabwera. Anaona mapale. Anaona phulusa.

"Wapsa?" anafunsa atate.

"Ayi, atate."

"Nanga Maliya?"

"Sanapse. Anali pamphasa."

"Chabwino," anatero atate.

Anagwada pafupi ndi mafuwa. Anayamba kutola chimanga m'phulusa. Ankatola chimodzichimodzi. Sabina anayamba kutola nawo.

"Ndaswa mphika wa amayi," anatero Sabina.

"Ndaona," anayankha atate. "Tola apo. Pali china."

Ali mkati motola, sitima inadutsa. Inali kuyenda pang'onopang'ono. Pamsana pake panatuluka nthunzi yoyera. Tsiii!

Sabina anayang'ana sitima mpaka inapita.

"Atate, sitima ili ndi nthunzi yambiri. Bwanji siphulika?"

"Ili ndi potulukira," anatero atate. "Nthunzi ikachuluka, pamatseguka. Ikachepa, pamatsekeka."

Sabina anaganiza. Anayang'ana phale lija m'manja mwake.

Anatsuka chimanga katatu. Anachiviika m'madzi kuti chigonere momwemo.

Kutacha linali Lamulungu. Atate sanapite kunjanji. Anawaza nkhuni zonyowa ndi nkhwangwa. M'kati mwake zinali zouma.

Panatsala kamphika kamodzi, ka ndiwo. Sabina anathiramo chimanga ndi khobwe. Anathiramo madzi. Pamwamba anayala masamba a nthochi. Anavundikira ndi phale. Dothi sanamate. Anaikapo kamwala kakang'ono ngati dzira.

"Atate, khalani uko ndi Maliya," anatero Sabina.

"Nawenso sendera kuno," anatero atate. "Mphika tilibenso wina. Mwana wina wophika tilibenso."

Onse atatu anakhala pakhomo. Anadikira.

Madzi anayamba kuwira. Phale linanyamuka pang'ono. Tsii! Linabwerera. Gwe!

Tsii! Gwe! Tsii! Gwe!

Maliya anadzutsa mutu.

"Kakuvina," anatero Maliya.

"Inde, kakuvina," anatero Sabina.

Nkhuni zinatha. Makala anatsala. Kamphika sikanasweke. Sabina anadikira kuti phale lileke kuvina. Anachotsa kamwala ndi mtengo. Anachotsa phale. Anachotsa masamba.

Anatenga chimanga chimodzi. Anachifinya ndi zala. Chinaphwanyika.

Sabina anathira mchere. Anakanya chingowe ndi chipande. Anapakulira m'kambale. Anauzira kuti chizizire.

"Tsegula pakamwa, Maliya."

Maliya anatembenuza nkhope.

"Ndi miyala."

"Si miyala. Talawa pang'ono."

Maliya anayang'ana atate. Atate anagwedeza mutu. Maliya anatsegula pakamwa.

Anatafuna. Sanalavule. Anameza.

Sabina anadikira. Atate sanasunthe.

"China," anatero Maliya.

Sabina anamupatsa china. Anamupatsanso china. Kambale kanayera.

"China, aBina."

"Iwe, mimba iphulika," anatero Sabina.

"Siiphulika," anatero Maliya.

Atate anaseka. Anaseka pang'ono chabe, koma ana onse anamva.

Sabina anapakulanso. Maliya anatapa ndi dzanja lake. Anakwera pamwendo pa atate.

"Idyani, atate. N'chofewa."

Atate anatsegula pakamwa. Maliya anawadyetsa. Khobwe wina anagwera pamalaya. Maliya anamutola n'kudya yekha.