Chala cha Upile pa Tsamba 41

Basi inachedwa m'mawa umenewo, ndipo mphepo ya mu Novembala inkaluma makutu. Upile anaima pasiteji ya m'tauni ya South Bend, manja m'matumba, pamene mwamuna wina wa jekete lalitali anagwetsera mapepala ake m'matope.

"Mayo ine, ndafa!"

Upile anacheuka. Chichewa? Kuno kudziko la azungu?

"Simunafe, achimwene. Tolani msanga asananyowe."

Mwamunayo anadzutsa mutu, kukamwa yasa! Kenako anaseka. "Kodi masiku ano angelo akulankhula Chichewa?"

"Angelo sadikira basi," anatero Upile, koma anawerama n'kumuthandiza kutola.

Dzina lake linali Kenan Msukwa. Ankakhala ku Indianapolis, komwe ankaphunzira nyimbo zamakedzana komanso kuimba limba kutchalitchi china ku Lawrence. Tsikulo ankapita kulaibulale ya mabuku akale, komwe Upile ankagwira ntchito.

Chomwe chinamubweretsa chinali buku laling'ono lachikopa. Sisitere wina wa ku Italy analilemba pamanja cha m'ma 1630, nyimbo za limba zokhazokha. Zaka makumi asanu zapitazo katswiri wina anazisindikiza, koma anakopera pa zithunzi zosaoneka bwino. Inki ya sisitereyo inali italowerera kuseri kwa pepala, ndiye katswiriyo anatola manotsi akuseri n'kuwasakaniza ndi akutsogolo.

"Zaka zonsezi anthu akuimba zolakwika," Kenan anamuuza. "Ine ndikufuna kusindikiza zenizeni."

Koma bukulo linali ndi eni ake, banja lina lomwe linangolisungitsa. Lamulo lawo linali lolimba: kuona ndi maso, kukopera ndi pensulo, ola limodzi patsiku. Kujambula ayi. Upile anasainira lamuloli pamaso pa abwana ake, Mayi Tiffany, ndipo mapepala ake okhalira m'dzikomo anali omangirira pa ntchito yomweyo.

Lachitatu lililonse Kenan ankabwera ndi pensulo yake. Upile ndiye ankatsegula masamba. Ali mtsikana ankaimba kwaya ku Zomba, ndipo maso ake sankaphonya kanthu.

"Notsi iyo musalembe," anamunong'oneza tsiku lina. "Onani, ndi yotuwa, ndipo mchira wake wapendekera kumanzere. Ndi yakuseri imeneyo."

Kenan anayang'ana tsambalo, kenako anayang'ana iye. "Maprofesa onse aja sanaone zimenezi. Upile, maso akowa andipha."

Mameseji anayamba madzulo omwewo.

"Nyenyezi yanga, wafika bwino? Ndakumisa kale."

"Mfumukazi, lero ndaimba nyimbo ija mmene unakonzera. Limba limatchula dzina lako."

Upile sanali mkazi wotengeka ndi mawu. Koma kodi ndani angakhale zaka zinayi kudziko lozizira, wopanda womufunsa ngati wadya, n'kusamwetulira foni ikalira?

Mu Febuluwale Kenan anamutengera kulesitilanti ina ya mumsewu wa Lafayette, n'kumuveka mphete yasiliva ya kamwala kobiriwira.

"Iyi ndi yongogwirizira. Buku likangotuluka, ankhoswe anga akupita ku Zomba. Ndipo dzina lako lidzakhala m'bukumo, ndikulumbira!"

Atadya, anamugwira dzanja lomwelo, mawu ake n'kutsika.

"Switi, pali vuto. Mzungu wina wa ku Germany akufuna kusindikiza nyimbo zomwezi. Ndi pensulo sindimaliza chaka chino. Undijambulireko masamba makumi awiri okha."

Upile anabweza dzanja lake. "Kenan, ukudziwa lamulo. Akandigwira andichotsa ntchito. Ntchito ikatha, ndikwera ndege."

"Angaone ndani? Zithunzizo zidzakhala mufoni yanga basi. Ndikamaliza ndidilita. Kodi ndingakuike m'mavuto iwe, mkazi wanga wamawa?"

Anakana sabata ziwiri, Kenan akubwereza lonjezo lomwelo m'mameseji. Sabata yachitatu, Lachinayi masana, Mayi Tiffany atapita kukadya, Upile analowa m'chipinda chija yekha.

Thukuta linali kamukamu ngakhale chipindacho chinali chozizira. Pamwamba pa chitseko kamera inkamuyang'ana ndi kadiso kake kofiira. Anaipatsa msana. Anajambula loyamba mwa masamba omwe Kenan ankafuna, lachiwiri, lachitatu. Atafika pa tsamba 41, buku linakana kutseguka bwino. Analipanikiza ndi chala.

Thee!

Kaulusi kena kamsana wa bukulo kanaduka. Upile anauma. Zaka mazana anayi bukulo lili bwinobwino, lero liwonongeke m'manja mwake? Anajambula mofulumira, n'kulitseka, n'kutumiza zithunzizo kwa Kenan.

Kuyambira tsikulo chakudya sichinkatsika. Mayi Tiffany akangoti, "Upile, tabwera," iye ankangoti basi, wagwidwa. Imelo iliyonse ankaitsegula atapuma kaye katatu. Mlonda wapakhomo akamupatsa moni, ankadzifunsa: kodi waona kanema uja?

"Ndikuopa, Kenan," analemba. "Unadilita?"

"Kalekale, bebi. Usamawore. Ndili nawe mpaka imfa."

Lachitatu linasiya kumubweretsa Kenan. Ankati ali bize ndi osindikiza. Mameseji anafupika, koma mawu okoma sankasowamo.

Mu Okutobala Upile anaona chilengezo pagulu la Amalawi la pafoni: Loweruka masana, kutchalitchi cha ku Lawrence, Kenan Msukwa akhazikitsa buku lake ndi kuimba limba.

"Bwanji sunandiuze?"

"Usavutike, wokondedwa. Kudzadzaza maprofesa otopetsa. Ife tidzasangalala patokha."

Upile anavala diresi yake yabuluu n'kukwera basi ya ku Indianapolis.

Analowa nyimbo itayamba kale. Anaizindikira: inali ija anakonza yekha, yoyera, yopanda manotsi akuseri. Misozi inalengeza. Pakhomo panali tebulo la mabuku atsopano, onunkhira inki. Anatenga limodzi. Dzina lake lili pati?

Analipeza pakati pa buku.

Chithunzi chodzaza tsamba lonse. Tsamba 41, manotsi a sisitere uja, ndipo m'mphepete chala chikupanikiza pepala, chitavala mphete ya kamwala kobiriwira. Pansi pake analemba kuti chithunzichi chinajambulidwa ndi kuperekedwa ndi Upile Chikakuda, wogwira ntchito kulaibulale.

Lonjezo lija analisunga ndithu! Aliyense wofunsa za chilolezo, yankho linali pomwepo: anapereka ndi wa kulaibulale.

"Mwalikonda, asisi?"

Anali mayi wogulitsa mabukuwo, wankhope yansangala, atavala chitenje chatsopano paphewa.

"Ndine Melissa, mayi Msukwa. Tsegulani tsamba loyamba muone, andilembamo! Zaka zisanu ndi chimodzi ndikugwira mashifiti awiri kuchipatala kuti bambowa amalize sukulu. Lero ndapuma."

Upile anatsegula. "Kwa mkazi wanga Melissa, nyenyezi yanga."

Ngakhale dzina lachikondi lija linali lobwereka!

Maso a Melissa anatsikira pa dzanja logwira bukulo, kenako pa chithunzi chomwe chala cha Upile chinali chitasungira malo. Kumwetulira kunazima.

Anthu anaomba m'manja. Kenan anatsika akugwadira uku ndi uku, mpaka anawaona awiriwo ataima pamodzi. Nkhope inagwa.

"A... achemwali a kulaibulale! Mwabwera?"

"Achemwali?" Upile sanakweze mawu. "Dzulo ndinali mfumukazi. Unati unadilita, Kenan."

"Osindikiza anaumirira umboni. Tikambirana panja, chonde, anthu akuona..."

"Aone. Chala changa achiona kale."

Anavula mphete n'kuiika pa chithunzicho, pamwamba pa inzake yapapepala. "Mayi Msukwa, pepani. Sindinkadziwa kuti muliko. Iyi ndi ya mashifiti anu."

Ali m'basi yobwerera, foni inanjenjemera. Anali Mayi Tiffany. "Eni buku aona zomwe zasindikizidwa. Ubwere ku ofesi yanga Lolemba, 8 koloko."

Lolemba Upile anafika nthawi isanakwane. Anaika kiyi wa chipinda chija patebulo asanafunsidwe.

"Ndinajambula ndine. Ulusi wa pa tsamba 41 ndinadula ndine. Palibe anandigwira dzanja."

Kenako anaika foni yake pambali pa kiyiyo, mameseji onse a miyezi khumi ndi umodzi ali potseguka. Mayi Tiffany anawerenga zomwe Upile ankawamasulira, mpaka pomwe Kenan analemba kuti zithunzi zidzakhala mufoni yake basi.

"Ntchito sindingakusungire, Upile. Unasaina wekha," anatero motsitsa mawu. "Koma izi zikusonyeza kuti iye ankadziwa kuti chilolezo palibe. Eni buku akaziona, buku lakelo silikhalitsa pamsika, ndipo sukulu yake imva."

Upile anatuluka ndi kabokosi ka zinthu zake. Kutsogolo kunali masabata ochepa oti apeze ntchito ina, apo ayi ndege. Anaima pasiteji ija, pamalo pomwe mapepala anagwera. Anadabwa kuona kuti mantha aja atha. Chomwe ankachiopa miyezi yonseyi chinali chitachitika, ndipo iye anali chiimire.

Foni inalira.

"Nyenyezi yanga, ndikupempha, usawaonetse mameseji athu. Andithamangitsa sukulu. Melissa wandipitikitsa. Ndikuopa, bebi!"

Upile anawerenga kawiri. Basi inatulukira pakona, lero osachedwa.

"Ndawaonetsa kale," analemba. "Usamawore."