Tiyi wa Kozue

Kozue ankalephera kukhala pansi. Ankangoyendayenda m'chipinda chofufuzira, maso ali pa zotsatira za magazi. Agogo angapo odzipereka pa kafukufuku wa mankhwala anali atamwa piritsi la kuthamanga kwa magazi m'mawa, koma m'magazi mwawo mankhwalawo ankaoneka pang'ono zedi, ngati mchere wothira munthu woumira.

"Takhala pansi iwe, ukundichititsa chizungulire," anatero Itsuki, mnzake wa pantchito. "A Pulofesa Tsuruoka akuti makina ndiwo afa. Nanga iwe ukutuluka thukuta chifukwa chiyani?"

Kozue anapitiriza kuyendayenda. Chifukwacho ankachidziwa. Lamulo linali lakuti agogowo amwe madzi okha. Koma kuno ku Shizuoka, ndani angasiye munthu wamkulu pampando kukhosi kuli gwa? Pokhala wamng'ono pa onse, kulandira alendo inali ntchito yake, ndipo anawafululira tiyi wobiriwira, wa kumunda kwa bambo ake. Kwa mwana wokulira m'minda ya tiyi, tiyi ndi madzi basi!

Mantha anamugwira. Anali akadali pa miyezi yoyesedwa ntchito. Akanena, basi kwake kwatha. Akakhala chete, mlandu ugwera makina, omwe alibe pakamwa.

Anafika pakhomo pa ofesi ya a Pulofesa, nabwerera. Anapitanso, nabwereranso.

"Ukutha nsapato," anatero Itsuki.

Kenako Kozue anagogoda. Anapeza a Tsuruoka atagwira kapu ya tiyi. Kozue anawerama kwambiri.

"Aphunzitsi, makina alibe vuto. Ndine ndalakwitsa. Ndinawapatsa tiyi asanamwe piritsi."

"Onse?"

"Onse, aphunzitsi. Ena mpaka anapempha wina."

A Tsuruoka anaika kapu ija patebulo. Kozue anayamba kuganiza za mmene akalongedzere katundu wake.

"Watiwonongera ntchito ya mwezi wathunthu," anatero a Tsuruoka pomaliza. "Agogowo ukawapepesa wekha, khomo ndi khomo. Ukawapemphenso abwere. Theka udzawapatsa madzi, theka tiyi wakoyo, tione ngati ndiye akutsekereza mankhwala m'matumbo."

"Ndiye kuti... sindichotsedwa?"

A Tsuruoka anayang'ana kapu yawo, naikankhira patali. Kenako anatenga foni.

"Mayi anga amamwa piritsi lomweli m'mawa uliwonse, ndipo magazi awo sakutsika," anatero motsitsa mawu. "Tiyi womwera ndimawagulira ndine."